Nsalu ya Apongozi Anga

Mukadzafika kwathu kwa Kanduku n'kufunsa za munthu amene anakhalitsa ku Joni, adzakulozerani nyumba ya malata ili pakati pa mitengo ya manachesi. Malatawo ndi anga ndithu, ndinawavutikira. Koma anthu a kuno sandikumbukira ndi malata ayi. Amandikumbukira ndi nsalu imodzi yakale, yofiira ya maluwa achikasu, imene sinali yanga n'komwe. Nkhani yake ndimaizemba, koma popeza ana anga amaimva kwa anthu ena yokhotakhota, bola ndiinene ndekha.

Mkazi wanga Luwiza anabadwira kutsidya, cha ku Tete. Anabwera kuno ali kamtsikana nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, iye ndi mayi ake basi. Nkhondo itatha anzawo ambiri anabwerera, koma iwo analibe wowalandira kumeneko, ndiye anangokhazikika kwa Nthache n'kumadya za maganyu. Ine ndili mwana ndinali m'gulu lija linkawathamangira akamapita kukalandira ufa, tikukuwa kuti marefuji, marefuji, kwinaku tikuwagenda ndi zitsononkho. Ngakhale pomwe ndinkamukwatira Luwiza, mumtima ndinkaona ngati ndamuchitira chifundo. Ndinamuletsa kulankhula Chinyungwe pakhomo panga. Ndinkati ana anga asakule ndi lilime lokhota, anzawo angamawaseke kusukulu. Iye sanatsutse. Ankangonong'onezana ndi mayi ake kuseri kwa khitchini, ndikatulukira n'kusiya.

Apongozi angawo tinawamangira kanyumba kumapeto kwa munda. Mwambo wopewana ndi mkamwini ankausunga kuposa ife eni dziko. Tikakumana panjira ankapatuka n'kugwada cham'mbali, nkhope atalozetsa kutchire. Akafuna kundiuza kanthu ankadzera kwa Luwiza. Zaka zonse zija, mukanandifunsa kuti maso a apongozi anu ndi otani, sindikanayankha.

Chaka china chimanga chinapsa ndi dzuwa, manachesi nawo anayoyoka asanakhwime. Ndinati apa ndikangokhala tifa tonse, ndipite ku Joni ngati anzanga. M'mawa wa tsiku lonyamuka apongozi anabwera, n'kukhala kuseri kwa nkhokwe atandifulatira. Luwiza anakhala pakati pathu. Tsiku limenelo Chinyungwe chinalankhulidwa ine ndikumva, ndipo sindinaletse.

"Akuti mutenge nsaluyi," anatero Luwiza. "Akuti inawolokapo malire, njira ikuidziwa. Muzikafunda kukazizira."

Ndinaiyang'ana. Inali yosuluka, pangodya ina panali chigamba chosokedwa ndi ulusi wakuda. Ndinaseka.

"Kodi ku Joniko mabulangete kulibe?"

Luwiza sanaseke nawo. "Akuti sakukupatsani, akukubwerekani. Mudzabwere nayo."

Tili panjira yopita pa Boma kukadikira basi ndi pomwe Luwiza anandifotokozera bwinobwino. Nkhaniyo ndinkaimva mwapatalipatali, koma sindinkaisamala. Pothawa nkhondo paja mayi ake anabereka m'nsalu imeneyi khanda, dzina lake Manuwele. Anayenda masiku atatu m'tchire, akupewa misewu. Luwiza ankayenda kumbuyo kwa mayi ake, maso ali pa kamwendo ka mwanayo kamene kankatulukira pansi pa nsalu. Tsiku lachitatu anaona kuti kamwendoko sikakugwedezekanso. Anaopa kunena, anayenda choncho mpaka dzuwa litapendeka. Mayi ake atazindikira, anakumba kadzenje ndi mpeni ndi manja pansi pa mtengo, anzawo apaulendo akuwafulumiza. Luwiza anali atatentha thupi, akunjenjemera, ndipo nsalu inali imodzi yomweyo. Mayi anasankha kufunditsa wamoyoyo. Mwana anamukulunga m'masamba.

"Ndiye amayi amanena kuti tsiku limene adzamwalire tidzawakulunge m'nsalu imeneyi," anatero Luwiza. "Akuti anamusiya wamaliseche, akufuna akamubereke."

"Nanga akundipatsiranji ine?"

"Alibe china chokupatsani, abambo a Tadala."

Ndikanakhala munthu ndikanaibweza pomwepo. Koma basi inali itafika, kondakitala akukuwa, ndiye ndinangokulungamo nsapato zanga za tchalitchi n'kuponya pansi pa chikwama. Tinadutsa pa Zobuwe, tinawoloka mlatho wa Tete, tchire lija ndikuliona pawindo. Ine maganizo anali pa malata.

Ku Joni ndinavutika miyezi ingapo ndisanapeze ntchito yokhazikika. Ndinakumba maenje, ndinatsuka magalimoto, mpaka ndinalowa pa fakitale yochapa nsalu za m'mahotela. Abale inu, ndinaona nsalu. Zoyala pabedi, zoyala patebulo, matawulo, zimabwera m'malole zitanunkha mowa ndi mafuta onunkhira, ife n'kumazisankha, kuziponya m'makina, kuzisita. M'katimo munkatentha ngati mu uvuni wa njerwa. Mankhwala ochapira anandisenda m'manja mpaka zala zinasiya kumva. Kapitawo wathu sankatidziwa mayina, aliyense ankamuitana ndi dziko lake. Ine ndinali Malawi.

Pamakina aakulu ositira tinkaima awiri, wina mbali iyi wina mbali iyo, kukoka nsalu kuti ilowe yowongoka. Mnzanga wa pamakinapo anali bambo wina wachikulire wa ku Tete, a Domingo. Anali munthu wosalankhulalankhula, koma ndi amene anandiphunzitsa kupaka mafuta ophikira m'manja ndisanagone, ndi amenenso anandipezera pogona. Tinkakhala amuna asanu ndi anayi m'chipinda chimodzi, aliyense atatchinga malo ake ndi chimene wapeza, wina makatoni, wina thumba. Ine ndinamanga chingwe n'kupachikapo nsalu ya apongozi. A Domingo ataiona anaigwira ndi zala ziwiri.

"Iyi ndi kapulana ya kwathu," anatero. Kwawoko chitenje amachitchula choncho.

"Ndinagula pamsika wa Mwanza," ndinawayankha msanga. Sindinkafuna kuti adziwe kuti ndinakwatira kwa anthu awo.

Kenaka inafika nthawi ija eni dziko anatiukira obwerafe. Ankati tikuwalanda ntchito ndi akazi. Dzina lathu tonse linali limodzi, makwerekwere, kaya ndiwe wa ku Malawi, wa ku Kongo kapena wa ku Somaliya. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ana anandithamangira akukuwa dzina limenelo, mwala wina unandipeza pamsana. Anali ana ang'onoang'ono, a msinkhu umene ndinali nawo pogenda marefuji. Zinthu zitafika poipa tinabisala m'fakitale momwemo masiku anayi, tikugona pamilu ya matawulo. A Domingo anali ndi buledi mmodzi ndi kachitini ka nsomba, anandigawira pakati ndi pakati. Titabwerera kuchipinda tinapeza chitseko atathyola, mawailesi ndi nsapato atatenga. Nsalu ija anaisiya ili pachingwe pomwepo, sanaione ngati kanthu.

Zitazizira ndi pomwe kunabwera pologalamu ina. Inkayendetsedwa ndi bungwe lina la ku Ulaya mogwirizana ndi anthu a komweko, ndipo ankati cholinga chake n'chakuti obwera ndi eni dziko azikhala pansi pamodzi, kumvana, kuphunzitsana nyimbo, magule ndi zakudya. Tinkakumana Lamulungu masana m'holo ya tchalitchi china. Ndinene zoona, ine chinandikokera kumeneko ndi tiyi wamkaka ndi masikono. Koma sindinganyoze ntchito yawo. Ndinaona ndi maso anga dalaivala wa minibasi, mwini dziko, akugwira dzanja la mayi wa ku Somaliya amene anamuwotchera golosale, akupepesa m'malo mwa anzake. Wotsogolera anali mzungu wamkazi, dzina lake Anika, wamtali, woseka ndi aliyense, wosasiyana ndi kabuku ndi cholembera.

Lamulungu lina anatiuza kuti aliyense afotokoze chimene chinamuchotsa kwawo. Ine ndinanena zanga zenizeni, za dzuwa, za manachesi oyoyoka, za nyumba yaudzu yodontha. Anthu anagwedeza mitu, Anika anati zikomo, koma cholembera chake sichinayende. Pambuyo panga panaima mayi wina wa ku Kongo atanyamula sipuni imodzi, chinthu chokhacho chimene anatuluka nacho m'nyumba mwake asilikali atalowa. Holo yonse inalira. Anika analemba masamba awiri. Ine m'malo momumvera chisoni mayiyo, ndinamuchitira nsanje. Ndinaona ngati umphawi wanga wachepa, ngati ndine munthu wopanda nkhani.

Potseka Anika anati sabata yamawa aliyense abwere ndi chinthu chochokera kwawo. Ndinabwerera kuchipinda, maso anga n'kugwera pachingwe paja.

Nsalu ija ndinaichapa kuntchito mobisa, ndinaisita pamakina a hotela. Lamulungu ndinaima kutsogolo n'kuitambasula. Ndinayamba ndi mawu akuti, "Mayi anga anabereka mng'ono wanga m'nsalu iyi." Kuchokera pamenepo zonse zinangoyenda zokha. Masiku atatu m'tchire, kamwendo kosagwedezeka, mpeni, masamba. Mwana woyenda kumbuyo uja anasanduka ine, wotentha thupi uja ndinenso. Chimene chimandinyansa kwambiri mpaka lero n'chakuti ndinalira, misozi yeniyeni. Pomwe Luwiza ankandiuza panjira ya pa Boma maso anga anali ouma gwa, koma pamaso pa azungu ndi alendo ndinalira mpaka mamina.

Anthu anandikumbatira. Mayi wa ku Kongo uja ananditchula mchimwene wake. A Domingo anali atakhala kumbuyo, ndipo titatuluka anayenda nane mpaka pamsewu. Kenaka anandilankhula m'Chinyungwe, chiganizo chachitali ndithu. Sindinatolepo ngakhale liwu limodzi. Anadikira pang'ono, n'kubwerera ku Chichewa.

"Mwanayo analipo, zimenezo ndamva. Koma woyenda kumbuyoyo simunali inu."

"A Domingo, ndi nkhani chabe iyi, ikuwathandiza anthu kumvana."

"Ine sindiuza munthu. Koma nsaluyo mudzabweze kwa eni ake."

Mawa lake tinaima pamakina monga mwa masiku onse, iwo mbali iyo ine mbali iyi. Sanaibwerezenso nkhaniyo, komanso kuyambira tsiku limenelo anasiya kudya nane m'mbale imodzi.

Ine ndiye ndinatchuka. Ankanditenga pagalimoto kukalankhula m'masukulu ndi m'matchalitchi, mpaka ku yunivesite ndinakafika, ine wa Sitandade 7. Ankandipatsa mpando wakutsogolo ndi madzi a m'botolo. Pamene kufakitale ndinali Malawi, kumeneku ankanditchula dzina langa lonse, ndi Mista kutsogolo. Nkhaniyo ndinkaikometsa ulendo uliwonse, pena kuwonjezera mfuti, pena afisi. Ana a eni dziko ankabwera kudzagwira nsaluyo mwaulemu. Ndinkadziuza kuti ndikuchita zabwino, ndipo pena ndinkakhulupiriradi.

Tsiku lina Anika anandiitanira pambali. Anati akukonza chionetsero cha zinthu za anthu osamuka kwawo, chimene chidzayende m'mizinda yambiri mpaka kutsidya la nyanja, ndipo akupempha ngati nsalu yanga ingapite nawo. Mayiyu sanandikakamize, ndisamunamizire. Anandifunsa kawiri konse.

"Ndi yanu ndithu? Mayi anu sangaifune?"

Pamenepo ndikanatha kubwerera. Koma ndinali nditazolowera mpando wakutsogolo uja.

"Mayi anga anamwalira," ndinatero. "Ilibe mwini wina."

Anandijambula nditainyamula m'manja, ndinasaina pepala, nsalu n'kulowa m'bokosi. Madzulo ake pachingwe panga ndinapachikapo tawulo lakale la kufakitale.

Luwiza ndinkalankhula naye pafoni kamodzi pamwezi. Tikatha za ana, za mbuzi, za njerwa, ankamaliza ndi mawu omwewo, "Amayi akufunsa ngati nsalu ilipo." Ine ndinkati ilipo, ikundifunditsa bwino. Ndinanena choncho zaka zitatu.

Thupi litayamba kukana kutentha kwa makina ndinabwerera kumudzi. Ndinapeza nyumba ya malata itatha, manachesi atabwerera mwakale. Tadala, amene ndinamusiya akuyamba sukulu, anali namwali, ndipo ankacheza ndi agogo ake m'Chinyungwe mokweza, pabwalo penipeni. Ndinamva, koma mphamvu zoletsa ndinalibe. Apongozi anali atawerama msana, akutsokomola. Tsiku lachiwiri anabwera kudzandilonjera, anakhalanso kuseri kwa nkhokwe atandifulatira, Luwiza pakati. Atatha malonje ndinadziwa chimene akudikira.

Bodza ndinali nditalikonza kale m'basi. Ndinati nthawi ya zipolowe anthu anatentha chipinda chathu, nsalu inapsera momwemo, ndipo pafoni ndinkabisa poopa kuwadandaulitsa. Luwiza anamasulira. Ndinkangoona msana wa apongozi ukukwera ndi kutsika. Kenaka analankhula motsitsa.

"Akuti bola munthu mwabwera wamoyo," anatero Luwiza. "Akuti nsalu inagwira ntchito yake."

Madzulo anatumiza tambala wawo yekhayo kuti aphere mkamwini. Ndinadya.

Panapita zaka ziwiri, ine n'kumaganiza kuti nkhani inathera pomwepo. Ndiye tsiku lina kutchalitchi analengeza kuti pa Boma pakubwera alendo akunja ndi chionetsero cha anthu osamuka kwawo. Anati asankha Mwanza chifukwa ndi boma la m'malire, ndipo mabanja ochokera kutsidya akuitanidwa mwapadera kuti akavine magule a kwawo, lole idzabwera kudzawatenga. Ndinadzilimbitsa mtima kuti mabungwe ndi ambiri, sangakhale omwewo. Ndinayesa kuwaletsa apongozi, ndinati chifuwa chawo sichingalole fumbi la lole. Luwiza anati amayi sanaitanidwepo kulikonse chifukwa cha kwawo, apita basi. Ine ndinatsatira panjinga, ndikupemphera njira yonse.

Linali Loweruka masana, holo itadzaza. Kunja ng'oma zinkalira, amayi a kwa Nthache akuvina, anthu a maofesi atakhala pamipando pansi pa tenti. M'katimo makoma onse anali ndi zithunzi zikuluzikulu, pansi pa chilichonse atalemba m'Chingerezi ndi m'Chichewa. Nditangolowa ndinaona chithunzi cha mayi wa ku Kongo uja ndi sipuni yake. Chithunzi chachitatu kuchokera pamenepo ndinali ine, wamkulu kuposa chitseko, nkhope yachisoni, nsalu yofiira ili m'manja.

Ndinachedwa. Luwiza ndi mayi ake anali ataima kale patsogolo pake, anthu a kwathu atawazungulira. Apongozi sankadziwa kuwerenga, ndiye Luwiza ankawawerengera mokweza, pang'onopang'ono, chala chili pamawu. Anawerenga dzina langa. Anawerenga kuti ndinathawa nkhondo ndili mwana, ndikuyenda kumbuyo kwa mayi anga. Ngakhale atafika pa kamwendo paja sanasiye. Anawerenga mpaka pomaliza, pamene analemba kuti mayi anga anamwalira, ndipo ndapereka nsaluyi kuti dziko lisaiwale.

Bambo wina amene tinakulira limodzi anaseka. "Uyu si uja tinkasaka naye mbewa kudambo? Nkhondo yake iti imene anathawa?"

Ena anaseka nawo, koma sizinapite patali. Apongozi anali atakweza dzanja, akusisita chithunzicho pangodya pamene panali chigamba cha ulusi wakuda. Anasisita kangapo, ngati akufuna kuitola. Kenaka anatembenuka, anandifunafuna m'gulumo, n'kundiyang'ana m'maso. Aka kanali koyamba chikwatirire mwana wawo. Maso awo anali aang'ono, otuwa m'mbali. Sanadzere kwa Luwiza, analankhula okha m'Chichewa chawo chokhota chija ndinkachinyoza.

"Bambo, munati inapsa."

Kenaka analoza pamawu aja.

"Apa akuti ine ndinafa. Nanga munandiika m'nsalu iti?"

Nthawi yomweyo ndinamva munthu akuitana dzina langa mosangalala. Anali Anika, akubwera manja atatambasula kuti andikumbatire. Ndinagwada pansi pa simenti pomwepo. Ndinanena zonse, m'Chingerezi changa cha kufakitale kenaka m'Chichewa kuti a kwathu amve. Ndinati mwana woyenda kumbuyo uja ndi mkazi wangayu, mayi amene ndinawapha pakamwa ndi awa ali apawa, ine nkhondo sindinaione, ndinkagenda othawa nkhondo ndi zitsononkho. Kunja ng'oma zinali zikulirabe.

Anika anafiira nkhope yonse. Sanandikalipire, ndipo bwenzi zili bwino akanatero. Anakwera pampando yekha n'kutsitsa chithunzicho, kenaka anakhala pansi pafupi ndi apongozi. Kudzera mwa Luwiza anapepesa, n'kufunsa ngati angalole kufotokoza nkhaniyo okha kuti ilembedwe m'dzina lawo.

"Akuti nkhani munatenga kale," anatero Luwiza. "Akuti akufuna nsalu."

Apa ndi pomwe tinamva kuti nsaluyo sinabwere. Ku Mwanza anangobweretsa zithunzi. Zinthu zenizenizo zinatsala ku Ulaya, m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, m'kabati ya galasi. Anika anati aiitanitsa, koma pepala lija ndinasaina linaipereka kwa eni nyumbayo, ndiye pafunika makalata, ndi akuluakulu akhale pansi avomereze. Anandilembetsa kalata yovomera bodza langa, ndinasainanso. Apongozi anadinda chala.

Pobwerera palibe amene anandilankhula. Kumudzi nkhani inafika ine ndisanafike, ndipo mpaka lero achinyamata ena akandiona amati akubwera a Refuji. Ndimangowerama, dzinalo ndinalipempha ndekha. Luwiza anapitiriza kundiphikira ndi kundichapira, koma mawu ake kwa ine anali ongoti mchere watha, mbuzi zalowa m'munda. Apongozi anabwerera ku mwambo wawo wopatuka panjira. Sanandiyang'anenso.

Lachisanu lililonse ndinkapalasa njinga kupita ku positi ofesi pa Boma. Anthu a pamenepo anafika pondizolowera, ndikangoimika njinga ankapukusa mutu pawindo. Anika ankaimba foni, ankati akuluakulu akumana mwezi wamawa, kenaka ankati avomera koma pakufunika chilolezo chotulutsira katunduyo. Ndikukhulupirira kuti ankayesetsa. Koma chifuwa cha apongozi sichinkadikira makalata. Ndikabwera chimanjamanja ndinkapeza Luwiza ataima pakhomo pa kanyumba kaja, ankayang'ana pakaliyala ya njinga, n'kulowanso m'kati.

Apongozi anamwalira nthawi yozizira, manachesi ali pakupsa. Luwiza anandiuza pambuyo pake kuti masiku omaliza ankangopapasa pamphasa, akutchula Manuwele. Ndinathamangira pa Boma kukagula chitenje chatsopano, chofiira, chokwera mtengo kuposa zonse m'sitolomo. Amayi osambitsa maliro anachilandira pakhomo, koma posakhalitsa chinatulukanso chili chopindapinda, Tadala n'kudzachiika pamiyendo panga. Anawakulunga m'chitenje chakale cha Luwiza.

Patatha masabata asanu chiikire maliro, wa ku positi ofesi uja sanapukuse mutu. Linali bokosi laling'ono, lopepuka. Sindinalitsegule, ndinalimanga pakaliyala n'kupalasa osaima. Luwiza anali pakhonde akusankha mtedza. Anapukuta manja, anadula zomatira ndi mpeni. Nsaluyo inali itakulungidwa m'mapepala ofewa oyera, pangodya atamangirira kakhadi ka nambala. Anadula kakhadiko n'kukaponya pamoto. Anaitambasula, anafunafuna chigamba chija, kenaka anaikamo nkhope yake nthawi yaitali.

"Sikununkhanso amayi," anatero.

Ndinati mwina tikaiyale pamanda, kapena tipemphe akuluakulu atilole kuikwirira pamwamba pake. Ndinkangolankhula kuti pasakhale chete.

"Pamanda idyedwa ndi chiswe. Mwana ameneyu wadikira kokwanira, adikirenso pang'ono. Ndidzapita nayo ndine, ndikawapatse amayi m'manja."

Anaipinda bwinobwino n'kuiika m'sutikesi yake yachitsulo, imene ili pansi pa bedi lathu mpaka lero. Atakhoma, kiyi anamangirira pa mkanda wa m'khosi mwake, kenaka anandiyang'ana.

"Tadala ndamuuza kale zochita tsikulo. Inu abambo a Tadala, mukadzakhala mulipo, mudzakumbe nawo manda, mudzalire ngati mukufuna. Koma nsaluyi musadzaigwire."